Allen Whipple ndi opaleshoni imene inkapha mmodzi mwa atatu

Chiwindi ndi kapamba n'zoyandikana kwambiri moti matenda a chimodzi amaonekera pa chinzake. Ndulu imene chiwindi chimapanga imatsika m'kanjira kosakwana sentimita imodzi m'lifupi, ndipo kanjirako kamaboola mutu wa kapamba kasanalowe m'matumbo. Chotupa chikamera pamenepo, ngakhale chikhale chaching'ono, njira imatsekeka ndipo ndulu imabwerera m'magazi. Maso amachita chikasu, mkodzo umada, chimbudzi chimayera, thupi lonse limayabwa. Achibale amati ndi chiwindi, pomwe chiwindicho chilibe mlandu. Kuseri kwa kapamba yemweyo n'kumenenso mitsempha yochokera m'matumbo imakumana n'kupanga mtsempha waukulu wa portal, umene umapereka pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi onse olowa m'chiwindi. Kapamba amene tikunena pano ndi uja amatulutsa insulini ndi madzi ogaya chakudya. Chiwalo china chija chimene chimatupa kumanzere mwana akamadwala malungo pafupipafupi, chimene ambiri amachitchanso kapamba, tichitchula kuti spleen monga amanenera kuchipatala.

Allen Oldfather Whipple, dokotala wa opaleshoni wa ku New York, anathera zaka zake zabwino zonse pa kachigawo kameneka ka m'mimba. Lero dzina lake limamveka tsiku ndi tsiku m'zipatala zikuluzikulu, chifukwa opaleshoni yochotsa mutu wa kapamba amangoitcha kuti Whipple. Komatu iye mwini anaichita ka 37 kokha moyo wake wonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa odwala atatu alionse ankamwalira nayo. Mphamvu yake siinali m'manja mokha ayi. Ankadziwa kuti wodwala amafa chifukwa cha zinthu zimene mpeni sungakonze, monga magazi osaundana, ulusi wosungunuka ndi mankhwala ogonetsa operekedwa ndi munthu wosaphunzira bwino, ndipo anaika nthawi yake yambiri posonkhanitsa anthu oti akonze zimenezo.

Anabadwa mu 1881 ku Urmia, kumpoto chakumadzulo kwa Persia, dziko limene pano ndi Iran. Makolo ake anali amishonale a mpingo wa Presbyterian ochokera ku America, ndipo anakulira kumeneko mpaka zaka 14, akuyankhula zinenero zingapo za m'deralo. Anamaliza ku yunivesite ya Princeton mu 1904, n'kutenga udokotala ku yunivesite ya Columbia ku New York mu 1908. Mu 1921 anapatsidwa udindo wa pulofesa ku Columbia komanso mkulu wa madokotala a opaleshoni pa chipatala cha Presbyterian ku New York, ndipo anakhala pa mpandowo mpaka 1946. Pali Whipple wina, George Hoyt Whipple, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1934 pa kafukufuku wosonyeza kuti kudya chiwindi kumabwezera magazi m'thupi. Ameneyo ndi munthu wina, ndipo matenda a m'matumbo otchedwa Whipple's disease ndi ake iyeyo.

Ntchito ya Allen Whipple pa chiwindi inayambira ku spleen. Pa chipatala chake anakhazikitsa kiliniki imene inkadziwika kuti Spleen Clinic, momwe madokotala a opaleshoni, a matenda a m'kati, a magazi ndi oyeza ziwalo pa maikulosikopu ankaona wodwala mmodzi onse pamodzi, n'kumamutsata zaka ndi zaka. Lero zimenezi zikumveka zachizolowezi. Nthawi imeneyo dokotala wa opaleshoni anali mfumu payekha, ndipo wodwala akatuluka m'chipatala nkhani inali yatha.

Odwala ambiri a kilinikiyi anali ndi spleen yotupa, magazi ochepa, ndipo ena ankasanza magazi. Matendawa ankatchedwa ndi dzina la Guido Banti wa ku Florence, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anaphunzitsa kuti gwero lake ndi spleen, kuti imatulutsa poizoni amene kenako amawononga chiwindi. Potsatira maganizo amenewa, madokotala ankachotsa spleen, koma odwala ambiri ankapitirizabe kusanza magazi. Gulu la Whipple, makamaka Louis Rousselot ndi William Thompson, linachita chinthu chosavuta kufotokoza: pa nthawi ya opaleshoni ankalowetsa singano mu mtsempha wa spleen n'kuyeza mphamvu ya magazi. Zotsatira zimene anasindikiza mu 1937 zinaonetsa kuti mphamvuyo inali yokwera kwambiri poyerekeza ndi ya odwala matenda ena. Choncho spleen siinali yoyambitsa. Inkatupa chifukwa magazi ankakanika kudutsa kutsogolo.

Zimene zimachitikazo n'zofanana ndi ngalande yotsekeka ndi zinyalala nthawi ya dzinja: madzi amadzaza kumbuyo, kenako amadzipezera njira m'mbali mosayenera. Chiwindi chikauma ndi zipsera, kaya chifukwa cha mowa kapena mavairasi a hepatitis B ndi C, magazi a mtsempha wa portal amabwerera. Ena amadzaza mu spleen, ena amathawira m'timitsempha ta kumunsi kwa kummero ndi kumtunda kwa chifu. Timitsempha timeneti sitinapangidwe kuti tinyamule magazi ochuluka chotero. Timafufuma, khungu lake limapyapyala, ndipo tsiku lina kamodzi kamaphulika. Munthu amene m'mawa anali kuyenda bwinobwino amatha kusanza magazi odzaza beseni madzulo ake.

Mu 1945 Whipple analemba nkhani mu magazini ya madokotala ya Annals of Surgery momwe anagawa vutoli pawiri: kutsekeka kwa m'kati mwa chiwindi, ndi kutsekeka kwa mtsempha kunja kwa chiwindi. Kugawa kumeneku kuli ndi ntchito mpaka lero, chifukwa wodwala amene chiwindi chake chikugwirabe ntchito ali ndi tsogolo losiyana kwambiri ndi amene chiwindi chake chatha. Apa nkhaniyi imatikhudza ife mwachindunji. Likodzo la m'matumbo, loyambitsidwa ndi nyongolotsi za Schistosoma mansoni, limatseka timitsempha ta portal m'chiwindi: mazira a nyongolotsizo amakodwa mmenemo ndipo thupi limawakutira ndi zipsera. Maselo a chiwindi amakhala akugwirabe ntchito, wodwala sachita chikasu, koma spleen imakula ndipo amasanza magazi. Madokotala a m'Malawi ndi Zambia amawadziwa bwino odwala otere, ndipo ambiri a iwo ndi anthu a m'mbali mwa madzi amene sanalawepo mowa. N'chifukwa chake mapiritsi a praziquantel amene amagawidwa m'sukulu si nkhani ya mkodzo wamagazi yokha.

Atadziwa kuti vuto ndi magazi odzaza, maganizo otsatira anali odziwikiratu: kuwatsegulira njira ina. Maganizowa sanali atsopano. Mu 1877 Nikolai Eck wa ku St Petersburg analumikiza mtsempha wa portal ndi mtsempha waukulu wobwerera ku mtima mwa agalu, kuti magazi azilambalala chiwindi. Pa anthu zinkakanika chifukwa kusoka mitsempha kunkatenga nthawi ndipo magazi ankaundana pa msoko. Arthur Blakemore, amene ankagwira ntchito pansi pa Whipple, pamodzi ndi Jere Lord, anapeza njira yolumikizira mitsempha ndi kachubu kachitsulo cha vitallium popanda kusoka, ndipo mu 1945 gululi linalengeza za odwala oyamba amene anawachita opaleshoni imeneyi, yotchedwa shunt. Kusanza magazi kunaleka. Madokotala m'mayiko ambiri anaitengera. Blakemore yemweyo, ndi Robert Sengstaken, mu 1950 anapanganso chubu chokhala ndi mabaluni chimene amachilowetsa kummero n'kuchipopa kuti chipanikize mitsempha yophulika, ndipo chikugwiritsidwabe ntchito zinthu zikafika povuta.

Koma chenjezo linalipo kale. Mu 1893 gulu la Ivan Pavlov linaona kuti agalu ochitidwa opaleshoni ya Eck akadya nyama ankadzandira, kusokonezeka, ena kukomoka. Chiwindi chimasefa zoipa zochokera m'matumbo, monga ammonia, ndipo magazi akachilambalala zoipazo zimakafika ku ubongo. Zomwezo zinachitika kwa anthu. Odwala ena a shunt ankasiya kusanza magazi koma n'kuyamba kugona masana, kuiwala, kunjenjemera manja, ndipo chiwindi chimene chalandidwa magazi ake chinkafooka msanga. M'zaka za m'ma 1960, madokotala a ku Boston ndi Harold Conn wa ku Yale anachita kafukufuku wogawa odwala m'magulu awiri mwamaere, ena shunt ena ayi, ndipo anapeza kuti kuchita shunt munthu asanasanzepo magazi sikunkatalikitsa moyo. Mu 1966 Norman Grace, Hugo Muench ndi Thomas Chalmers anasanthula malipoti onse a shunt amene analipo n'kuona chinthu chimene ophunzira udokotala amaphunzitsidwabe: malipoti opanda gulu loyerekezera ndi amene ankaitamanda kwambiri opaleshoniyi, pomwe kafukufuku wokonzedwa bwino sankaitamanda.

Ine ndimaona kuti mbali imeneyi ya mbiri ya Whipple ndi yofunika kuinena mokweza ngati mmene timanenera za kapamba. Kafotokozedwe kake ka matendawa kanali kolondola, ndipo kayezedwe kake kanagwetsa chiphunzitso cha zaka makumi anayi. Koma chithandizo chimene chinachokera pamenepo chinafalikira chisanayesedwe mokwanira, ndipo anthu ena anachitidwa opaleshoni yaikulu imene siinawawonjezere tsiku ngakhale limodzi. Masiku ano wodwala wotere amayamba ndi mapiritsi monga propranolol, amene Didier Lebrec wa ku France anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuti amatsitsa mphamvu ya magazi a portal, komanso kumanga mitsempha yofufumayo ndi timphira kudzera pa chubu cha kamera. Shunt siinathe, inangosintha maonekedwe: pano amaiboola m'kati mwa chiwindi kudzera mu mtsempha wa pakhosi, njira yotchedwa TIPS, ndipo vuto la kusokonezeka mutu likadalipo. Kuchiza kwenikweni kwa chiwindi chimene chatheratu ndi kuika china, ntchito imene Thomas Starzl anaiyesa koyamba pa munthu ku Denver mu 1963, chaka chimene Whipple anamwalira.

Ku kapamba, Whipple analowera pa khomo la shuga. Insulini itapezeka ku Toronto mu 1921, madokotala anayamba kuzindikira kuti anthu ena amene ankakomoka m'mawa asanadye, kapena kuchita ngati amisala, anali ndi kachotupa m'kapamba kotulutsa insulini wochuluka. Mu 1935 Whipple ndi Virginia Kneeland Frantz, katswiri woyeza zotupa pa chipatala chomwecho, analemba za odwala otere, ndipo mu 1938 iye anaika zizindikiro zitatu zoti zikwane dokotala asanatsegule mimba: wodwala azidwala akakhala ndi njala, shuga wa m'magazi akhale wotsika kwambiri pa nthawi yodwalayo, ndipo achire msanga akapatsidwa shuga. Cholinga chake chinali kuletsa maopaleshoni osafunikira. Madokotala a shuga amagwiritsabe ntchito zizindikiro zitatuzi.

Khansa ya mutu wa kapamba inali nkhani ina. Ena anali atayesapo. Alessandro Codivilla ku Italy mu 1898 anachotsa mbali ya kapamba ndi duodenum, chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, koma wodwalayo anamwalira patangopita milungu yochepa. Walther Kausch ku Berlin mu 1909 anachita bwinoko, wodwala wake anakhala miyezi 9, ndipo n'chifukwa chake ku Germany opaleshoniyi amaitcha Kausch-Whipple. Komabe madokotala ambiri ankapaopa pamalopa, ndipo anali ndi zifukwa zomveka.

Choyamba chinali magazi. Wodwala wa chikasu chotsekeka ankataya magazi osaleka akangochekedwa, ndipo palibe ankadziwa chifukwa chake. Chachiwiri chinali kapamba mwiniwake. Ndi wofewa, ulusi sugwira bwino, ndipo tsiku lililonse amatulutsa madzi opitirira lita imodzi amene ntchito yake ndi kugaya nyama ndi mafuta. Madzi amenewa akadontha m'mimba amagaya chilichonse chimene apeza, kuphatikizapo msoko ndi mitsempha ya wodwalayo.

Whipple anaphunzira zimenezi pa mtengo wowawa. Wodwala wake woyamba, mu 1934, anamwalira pasanathe masiku awiri chichitireni opaleshoni, chifukwa ulusi wa catgut umene anasokera, wopangidwa kuchokera ku matumbo a nyama, unagayidwa ndi madzi a kapamba ndipo msoko unamasuka. Kuchokera pamenepo anasinthira ku ulusi wa silika. Mu 1935, iye ndi William Barclay Parsons ndi Clinton Mullins anasindikiza lipoti la odwala atatu a khansa ya pamalo pamene njira ya ndulu imalowera m'matumbo. Woyamba ndi uja anamwalira nthawi yomweyo, wachiwiri anakhala miyezi ingapo, wachitatu anakhala zaka ziwiri khansa isanamupezenso m'chiwindi. Lipoti limene linatsegula njira ya opaleshoni yotchuka chonchi linali la anthu atatu, ndipo silinabise imfa ya aliyense.

Opaleshoni ya 1935 inkachitika kawiri. Ulendo woyamba ankangotsegulira ndulu njira ina yolowera m'chifu ndi kulumikiza chifu ku matumbo, kenako n'kudikira milungu itatu kapena inayi kuti chikasu chitsike ndipo magazi ayambenso kuundana. Ulendo wachiwiri ndi pomwe ankachotsa chotupa. Ankadziwa kuti kudikirako kumathandiza ngakhale sankadziwa bwino chifukwa chake. Yankho linachokera kwa munthu amene sanali dokotala wa opaleshoni n'komwe. Henrik Dam wa ku Copenhagen, poyesa zakudya pa anapiye, anapeza vitamini K. Chiwindi chimafuna vitamini ameneyu kuti chipange zinthu zoundanitsa magazi, ndipo vitaminiyu amalowa m'thupi pamodzi ndi mafuta, mafutawo salowa popanda ndulu. Ndulu ikatsekeka, vitamini K salowa, magazi saundana. Pofika 1938 madokotala ku America anali atayamba kupereka vitaminiyu kwa odwala chikasu, ndipo vuto limene linavutitsa mibadwo ya madokotala linatha ndi mankhwala a masiku ochepa. Dam analandira mphoto ya Nobel ya 1943 pamodzi ndi Edward Doisy.

Mu Marichi 1940 Whipple ankachita opaleshoni mayi wa zaka 53 amene ankamuganizira khansa ya chifu, madokotala obwera kudzacheza akuonerera. Atadula kale chifu pakati anapeza kuti chotupa chili m'mutu mwa kapamba. Kubwerera kunali kosatheka, ndipo mayiyo analibe chikasu, choncho anapitiriza n'kuchotsa mbali ya chifu, duodenum yonse ndi mutu wa kapamba ulendo umodzi. Mayiyo anakhala zaka 9. Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati chipambano pa khansa ya kapamba, koma pali mfundo imene imasiyidwa: chotupa chake chinali cha maselo otulutsa mahomoni, mtundu umene umakula pang'onopang'ono, osati khansa ya tinjira ta kapamba imene imagwira odwala 9 mwa 10 alionse ndipo imapha msanga. Zaka 9 zija zinachokera ku luso la dokotala, inde, komanso ku mtundu wa chotupacho.

Poyamba Whipple ankangomanga njira ya kapamba wotsalayo n'kuisiya. Ataona kuti madzi amadonthabe, anayamba kusokerera kapambayo ku matumbo, ndipo umu ndi mmene zimachitikira lero. Dokotala amachotsa mutu wa kapamba, duodenum, thumba la ndulu, kumunsi kwa njira ya ndulu, nthawi zina ndi mbali ya chifu. Kenako amakweza matumbo aang'ono n'kusokererapo zinthu zitatu: kapamba wotsala, njira ya ndulu ndi chifu. Zonsezi zimachotsedwa pamodzi chifukwa zimadyera mitsempha imodzi. Ntchitoyi imatenga maola ambiri, ndipo msoko wa kapamba ndi umene umasowetsabe madokotala tulo, poti ngakhale m'zipatala zabwino umadontha mwa wodwala mmodzi pa khumi alionse kapena kuposerapo.

Anthu awiri amene anadutsa m'dipatimenti yake akuonetsa bwino mmene ankaganizira. Virginia Apgar anamaliza udokotala ku Columbia mu 1933 ndipo ankafuna kukhala dokotala wa opaleshoni. Whipple anamulangiza kuti apite ku ntchito yogonetsa odwala, chifukwa anali ataona akazi ena amene anawaphunzitsa akusowa odwala, komanso chifukwa ankakhulupirira kuti opaleshoni siingapite patsogolo ngati ntchito yogonetsa siikwera. Chifukwa chachiwiricho chinali choona. Choyambacho chinali kugonjera tsankho la nthawiyo m'malo molimbana nalo, ndipo sindikuona chifukwa chochikometsera. Apgar mu 1938 anakhala mkulu wa gawo logonetsa odwala, ndipo mu 1953 anasindikiza njira yopimira khanda likangobadwa, Apgar score ija imene azamba athu amalemba pa khadi mphindi yoyamba ndi yachisanu. Winayo ndi Charles Drew, dokotala wachikuda amene anafika ku Columbia mu 1938 n'kuchita kafukufuku wa kasungidwe ka magazi limodzi ndi John Scudder. Mu 1940 anatsogolera ntchito yotumiza madzi a m'magazi ku Britain pa nthawi ya nkhondo. Popanda nkhokwe ya magazi, opaleshoni ngati ya Whipple siikanatheka kuchitika kawirikawiri.

Atapuma ku Columbia mu 1946, Whipple anakathandiza kukonza maphunziro a madokotala pa chipatala cha khansa cha Memorial ku New York, anabwereranso ku Middle East kukalangiza za maphunziro a udokotala, ndipo analemba za mbiri ya zachipatala ya dera limene anabadwira. Anamwalira ku Princeton mu 1963.

Opaleshoni yake inatsala pang'ono kufa naye. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, m'zipatala zambiri wodwala mmodzi mwa anayi ankamwalira nayo, ndipo opulumukawo ambiri khansa inkawabwerera pasanathe zaka ziwiri. Mu 1970 George Crile Jr. wa ku Cleveland Clinic analemba poyera kuti kuli bwino kungotsegulira ndulu njira ina n'kusiya chotupacho, popeza odwala ake otero ankakhala nthawi yofanana kapena yoposa. Potengera ziwerengero za nthawiyo, sankalakwa. Chimene chinasintha zinthu si njira yatsopano yodulira ayi, koma kubwereza. John Howard mu 1968 analengeza maopaleshoni 41 otsatizana popanda imfa. Michael Trede wa ku Mannheim mu 1990 analengeza 118. John Cameron wa ku Johns Hopkins anachita okwana 2,000 iye yekha, ndipo omwalira m'mwezi woyamba sanafike awiri pa 100 alionse. Mu 2002 John Birkmeyer ndi anzake anasanthula zipatala za ku America n'kupeza kuti kumene opaleshoni ya kapamba inkachitika mwa apo ndi apo, odwala 16 pa 100 ankamwalira, pomwe kumene inkachitika kawirikawiri anali 4 pa 100. Kusiyanako sikuli pa dokotala yekha. Kuli pa namwino wa usiku amene amazindikira msanga kuti msoko wadontha, pa wojambula amene angathe kulowetsa kachubu kokhetsa mafinya popanda kutsegulanso mimba, pa chipinda cha odwala mwakayakaya. Dziko limene likufuna kuyamba opaleshoni imeneyi lingachite bwino kuiika pa chipatala chimodzi kapena ziwiri, osaimwaza.

Komabe kupulumuka opaleshoni si kuchira khansa. Pa odwala khansa ya kapamba, ndi 15 mpaka 20 okha pa 100 amene amapezeka chotupa chikadali chochotseka. Kapamba ali kuseri kwa chifu, pafupi ndi msana, ndipo chotupa cha pakati kapena kumchira kwake chimakula mwakachetechete, zizindikiro zake n'kukhala kuwonda, kupweteka kwa msana, kapena shuga wongoyamba mwadzidzidzi munthu atakula kale. Chikamadziwika chimakhala chitakulunga mitsempha ikuluikulu kapena chitafika kale m'chiwindi kudzera mu mtsempha wa portal uja. Ngakhale ku America, amene amafika zaka zisanu atapezeka ndi matendawa ndi pafupifupi 13 pa 100.

Mankhwala akhala akuyenda pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi. Mu 1997 gemcitabine anakhala mankhwala odalirika atangokweza nthawi imene theka la odwala limakhala ndi moyo kuchoka pa miyezi 4.4 kufika 5.7, ngakhale kuti ankachepetsanso ululu. Mu 2011 Thierry Conroy ndi anzake ku France anaonetsa kuti kuphatikiza mankhwala anayi, njira yotchedwa FOLFIRINOX, kumafikitsa miyezi 11.1 poyerekeza ndi 6.8 ya gemcitabine mwa odwala amene khansa yafalikira, koma ndi mankhwala olemetsa thupi oti wofooka sangawapirire. Phindu lalikulu linaoneka mankhwala ataphatikizidwa ndi mpeni. Kafukufuku wa ku Ulaya wotsogozedwa ndi John Neoptolemos wa ku Liverpool anaonetsa mu 2004 kuti mankhwala operekedwa pambuyo pa opaleshoni amathandiza, ndipo mu 2018 gulu la Conroy linapeza kuti FOLFIRINOX wochepetsedwa pang'ono, woperekedwa chotupa chitachotsedwa, anafikitsa miyezi 54 poyerekeza ndi 35 ya gemcitabine. Zimenezi zikutanthauza kuti ngakhale dokotala atachotsa zonse zooneka ndi maso, maselo ena amakhala atathawa kale.

Kuyambira 1988 zimadziwika kuti khansa za kapamba zoposa 90 pa 100 zili ndi vuto pa jini imodzi yotchedwa KRAS, imene imalamula selo kugawikana, ndipo ikawonongeka imangolamulabe osaleka. Kwa zaka zoposa makumi awiri palibe mankhwala amene ankatha kuigwira. Mu 2013 gulu la Kevan Shokat ku San Francisco linapeza pogwirira pa mtundu umodzi wa vutoli, G12C, ndipo mankhwala oyamba analoledwa mu 2021 pa khansa ya m'mapapo. Tsoka lake, mtundu umenewu umapezeka mwa odwala kapamba mmodzi kapena awiri okha pa 100. Ambiri ali ndi G12D kapena G12V, ndipo kumeneko n'kumene makampani ndi mayunivesite akulimbana nako tsopano.

Njira ina ikuyesedwa pa chipatala chomwe chija cha Memorial, chimene pano ndi Memorial Sloan Kettering. Vinod Balachandran, dokotala wa opaleshoni amenenso ali ndi labotale, ankatumiza zotupa zochotsedwa ku kampani ya BioNTech ku Mainz, kumene ankawerenga majini a chotupa chilichonse n'kupanga katemera wa wodwala ameneyo yekha, wa mtundu wa mRNA, umene umaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kuzindikira maselo a chotupacho. Lipoti la 2023 linali la odwala 16. Mwa 8, chitetezo cha m'thupi chinadzuka n'kuyamba kuzindikira maselo a khansa, ndipo mwa amenewa khansa inachedwa kubwerera kusiyana ndi 8 enawo. Anthu 16 ndi ochepa kwambiri, panalibe gulu loyerekezera losankhidwa mwamaere, ndipo mbiri ya shunt ikutikakamiza kudikira kafukufuku wamkulu amene anayamba pambuyo pake. Katemerayu amapangidwanso kuchokera ku chotupa chimene chachotsedwa, choncho pakadali pano angafikire okhawo amene apezeka msanga moti n'kuchitidwa opaleshoni. Otsalawo, anayi mwa odwala asanu alionse, akufunika njira yopezera matendawa asanafalikire, ndipo kuyeza magazi kodalirika kochitira zimenezo mwa anthu wamba sikunapezeke.